Kalendala ya ku Chipata

A Maliko, amalume ake a Imelda, anali munthu wosunga masiku. Ankagwira ntchito ya umesenjala pa ofesi ina ku Boma, ndipo kumudzi ku Mkanda ankabwera Loweruka ndi pa maholide. M'nyumba ya mlongo wawo, mayi Anastazia, anapachikamo kalendala yaikulu pafupi ndi chitseko. Tsiku lililonse lomwe wailesi yanena kuti ndi lapadera ankalizunguliza ndi bolopeni. Pa tsiku la madzi ankatsukitsa ndowa zonse za pakhomo. Pa tsiku loletsa kusuta ankabisa kaliwo wawo kudenga mpaka dzuwa kulowa, ngakhale kuti kuseri kwa nyumba kunali chigafa chodzaza fodya wolima iwo omwe. Pa 3 Malichi, ngakhale zinthu zinali zitasintha m'dziko, pakhomopo munthu sankagwira khasu kapena kuseka mokweza.

"Masiku si ofanana," ankatero. "Ena amabwera atavala jekete."

Choncho Imelda atawagwadira n'kuwauza kuti mnyamata wake akufuna kutumiza amalume ake kudzafunsira mbeta, a Maliko anatenga kaye kalendala yawo. Mnyamatayo anali Lovemore wa ku Kapondo, amene ankagulitsa zipangizo za njinga pa msika wa ku Boma. Katundu ankakapikula ku Chipata. Anadziwana ndi Imelda chaka chapitacho, tcheni cha njinga yake chitaduka pafupi ndi benchi yake, ndipo anachilumikiza mochedwa dala.

A Maliko anavala magalasi nayamba kutembenuza masamba. Unali mwezi wa Seputembala.

"Mwezi uno ndi wouma, ulibe kanthu," anatero. "Ukamuuze kuti amalume akewo abwere tsiku lofiira la mwezi wamawa. Nkhani ya mbeta sitikamba tsiku wamba ngati tikugulana mbuzi."

"Pa deti yanji, amalume?"

"Okutobala ali ndi holide imodzi yokha, mwana iwe."

Mayi Anastazia anali kusenda mtedza pakhonde. "Achimwene, ingotchulani nambala. Mukuchita ngati mukuponya ndagi."

"Alongo, mwamuna wosadziwa holide ya m'dziko lake adzadziwa bwanji tsiku lothira feteleza?"

* * *

Kalata ya Imelda yopita kwa Lovemore anaitenga Luwiza, msuweni wa Imelda, mwana wa a Maliko, amene ankapita ku Boma Loweruka lililonse kukagulitsa mtedza. Yankho analibweretsa pamodzi ndi kaphukusi. Atsikana awiriwo anakakhala kuseri kwa nkhokwe, Luwiza n'kuumirira kuti awerenge ndiye, poti ndiye anasenza.

"Wokondedwa Imelda, ine ndili bwino, kaya iwe. Ndayang'ana pa kalendala ndipo tsikulo ndaliona, ndi lofiira ndithu. Amalume a Timoteyo avomera, akuti achapitsa jekete. Kuyambira lero ndizidula tsiku limodzilimodzi. Belu ndakutumizirali umange pa njinga yako. Lakale lija limalira ngati nkhuku ya chitopa. Ndine wako, Lovemore."

"Anzathu amalandira mafuta odzola, iwe belu," anatero Luwiza. "Pa ukwati adzakuveka sipoko pachala."

"Bweretsa kalata yanga."

"Ndipo anawo adzakhala Chubu ndi mng'ono wake Pampu."

Imelda anamulanda kalatayo akuseka. Belu analimanga tsiku lomwelo, ndipo popita kuchigayo ankaliliza ngakhale mumsewu mulibe munthu.

* * *

Holide ya mwezi wa Okutobala inali Tsiku la Anakubala, ndipo chaka chimenecho inagwa Lolemba, pa 9. Thobwa anaphika kudakali masiku awiri. Imelda anazira nyumba ndi khonde lomwe, nasesa bwalo mpaka kumsewu. Nkhuku ziwiri zinaphedwa m'mamawa, mpunga unasankhidwa. A Maliko anavala jekete ndi tayi, nakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, mphasa yatsopano itayalidwa patsogolo pawo.

Dzuwa la Okutobala silichita nsoni. Pofika 10 koloko thukuta linali litanyowetsa kolala, koma tayi sanaimasule. Belu la njinga likalira kumsewu onse ankatembenuka. Anadutsa wogulitsa usipa, anadutsa katekisiti, anadutsa bambo wina atanyamula nkhumba pakaliyala.

"Ku Kapondo n'kutali," anatero mayi Anastazia. "Munthu wamkulu sapalasa ngati mnyamata."

Masana anapendeka. Amayi ochokera kumjigo ankaima pang'ono, ndowa zili pamutu.

"Alendo aja afika, anzathu?"

"Ali m'njira."

Cha m'ma 3 koloko kunamveka njinga yamoto. Sanali a Timoteyo. Anali Greyson, mlimi wa fodya wa tsidya la dambo, mwana wa mlongo wake wa mkulu wa mpingo. Anali atamufunsirapo Imelda kawiri, kawiri konseko n'kukanidwa. Anatsika atanyamula chitenje chatsopano ndi paketi ya shuga, nakanjuta patsogolo pa mayi Anastazia.

"Amayi anga ndawapatsa kale chawo m'mawa," anatero. "Ndiye ndati lero ndi tsiku la amayi onse, nanunso musakhale chimanjamanja."

Mayi Anastazia analandira ndi manja awiri, chifukwa mphatso ya tsiku limeneli sakana. A Maliko anagwedeza mutu.

"Uyu ndiye amadziwa masiku. Imelda, mpatse madzi mlendo asambe. Nkhuku zisafere chabe."

Greyson anadya pa mphasa yatsopano ija. Atamaliza anamupeza Imelda akutsuka mbale kuseri.

"Anthu a m'malire ndi choncho, Imelda. Mwendo umodzi kuno, wina ku Chipata. Ukuganiza kuti kumeneko kulibe atsikana?"

"Mwadya nkhuku ya eni ake, a Greyson. Mano mukatokosere kwanu."

"Ine sindikupikisana ndi munthu. Ndikungoti nyumba yanga ili pompa, ukaitana ndimamva."

Dzuwa litafiira a Maliko anamasula tayi, naipinda bwinobwino, naiika m'thumba.

"Ndasunga masiku zaka makumi atatu," anatero. "Palibe linandichititsa manyazi ngati ili."

Anamuperekeza Greyson, wina akukankha njinga yamoto wina ali pambali, ndipo anatenga nthawi kuti abwerere.

* * *

Sabata yonseyo Imelda sanalire pamaso pa anthu. Lachisanu anamasula belu pa njinga nalikulunga m'kampango. Loweruka anakwera matola pamodzi ndi Luwiza ndi matumba ake a mtedza.

"Ukangomupatsa belulo n'kutembenuka," anamulangiza Luwiza m'njira. "Usakamulole kuti alankhule. Anyamata ogulitsa malonda pakamwa pawo pali uchi."

Anamupeza Lovemore akupachika matayala pa msomali, akuimba kamluzu. Atawaona nkhope yake yonse inaseka. Anapukuta manja pa buluku nakoka kampando.

"Imelda, wabwera osandiuza? Khala apa. Achemwali a Luwiza, mumwa chiyani? Lero ndagula nsapato za amalume, zakuda, ukaziona udzati ndi a bwanamkubwa."

Imelda sanakhale. Anaika kampango kaja pa benchi.

"Ndabweza belu lanu."

"Lawonongeka?"

"Belu lili bwino. Amalume anga anakhala pansi pa mango atavala tayi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Nkhuku zanu anadya Greyson. Mukanakhala kuti mwasintha maganizo, pepala silidula, mukanalemba."

Lovemore anayang'ana Imelda, nayang'ana Luwiza.

"Anakhala pansi pa mango liti?"

"Lolemba, pa holide."

"Lolemba ine ndinali ku Chipata, ndipo masitolo onse anali otsegula. Holide ikadali kutsogolo, Imelda. Kwatsala masiku khumi. Taona."

Analoza kukhoma la benchi, pakati pa machubu ndi mabuleki. Panali kalendala ya sitolo ina ya ku Chipata, yokhala ndi chithunzi cha njinga yonyezimira. Masiku onse kuyambira pakati pa Seputembala anali odulidwa ndi pensulo, limodzilimodzi, osadumphapo. Pa 9 Okutobala panali pakuda ngati tsiku lina lililonse. Pa 24 panali pofiira, ndipo pambali pake panalembedwa timalemba ting'onoting'ono: Imelda, Mkanda, jekete.

Luwiza ndiye anayamba. Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, kenaka anakhala pa thumba la mtedza n'kuseka mpaka misozi.

"Alamu, kalendala iyi ndi ya dziko la eni. Pa 24 ndi tsiku la ufulu wa ku Zambia. Mumafuna bambo anga athawe kuntchito Lachiwiri kuti akavine ufulu wa anthu ena?"

Lovemore anayandikira kalendalayo ngati akuiona koyamba. Anawerenga timawu ta pansi pa nambala yofiirayo, milomo ikuyenda. Kenaka anakhala pansi pa kampando kamene anakokera Imelda.

"Amatipatsa ulere tikapikula katundu," anatero motsitsa. "Msika wonse uno tili ndi zomwezi. Ine ndimangoyang'anapo masiku oti ku Chipata atseka, kuti ndisapite pachabe."

Imelda anayang'anitsitsa mizere ya pensulo ija. Anaiwerenga ndi maso mpaka anataya chiwerengero. Ukali womwe anausunga sabata yathunthu unasowa pogwira.

"Ndinu wopusa, a Lovemore," anatero pomaliza.

"Ndavomera."

"Wopusa kwambiri."

"Ndavomeranso. Koma belu utenge."

Imelda anatenga kampango kaja nakabweza m'chikwama. Luwiza anapukuta misozi.

"Ine ndiye ndakhululuka, koma bambo anga sindikudziwa. Akuti dzina lanu lisamveke pakhomo."

"Ndikapepesa ndekha mawa," anatero Lovemore. Anachotsa kalendala pa msomali naikulunga mosamala. "Iyi ipite nawo, ikayankhe mlandu wake."

* * *

Lovemore anafika Lamulungu anthu atangoweruka ku tchalitchi, malaya atamatirira kumsana. Njinga anaisiya kumsewu. Sanayandikire mpando kapena mphasa. Ananjuta padothi patali pang'ono ndi mtengo wa mango, nawomba m'manja.

A Maliko anapitiriza kusenda nzimbe ngati sanaone munthu.

"Luwiza, mufunse mlendoyo ngati wasochera. Msewu wa ku Chipata ndi uwo."

"Bambo, ndabwera kudzapepesa," anatero Lovemore. "Amalume anga alibe mlandu, tsiku ndinawauza ndine. Chomwe chinandinamiza ndabwera nacho."

Luwiza anatambasula kalendalayo pa mawondo a bambo ake. A Maliko anafuna kuikankha, koma munthu amene wasunga masiku zaka makumi atatu sangaone kalendala yachilendo n'kutseka maso. Anaika nzimbe pansi navala magalasi. Anayang'ana pa 9, anayang'ana pa 24, anawerenga timalemba ta pensulo tija. Ananyowetsa chala nabwerera m'mbuyo tsamba limodzi, kenaka lina.

"Ili la mu Ogasiti ndi lachiyani?"

"Ndi tsiku la alimi, bambo."

"La alimi? Alimi ake ati?"

"Alimi onse. Maofesi amatseka."

"Maofesi kutseka chifukwa cha munthu wa khasu?" A Maliko anachotsa magalasi nawavalanso. "Alongo, mukumva? Anzathu kutsidyaku mlimi ali ndi tsiku lake lofiira. Nanga awiri ogundizana awa a mu Julaye?"

"Loyambalo ndi la ngwazi zawo, lachiwirilo la umodzi."

"Masiku awiri motsatizana. Anthu amenewa amadziwa kulemekeza zinthu. Tasendera kuno, ukulankhulira kutali ngati uli ndi chifuwa. Ili la mu Malichi?"

Lovemore anasendera mpaka m'mphepete mwa mphasa. Imelda, amene ankasuzumira pa zenera la kukhitchini, anaona amalume ake akutuma Luwiza kukatenga bolopeni.

Mayi Anastazia anatuluka nakhala pakhonde, miyendo atatambasula.

"Achimwene, ndinakuuzani kuti tchulani nambala."

"Zimenezo zatha, alongo."

"Sizinathe. Nkhuku zanga ziwiri." Kenaka anatembenukira kwa mnyamatayo. "Koma mwana wanga, pepala likhoza kunama, nanga mtima? Tsiku la Anakubala sulidziwa? Mayi ako sunawagulire ngakhale kasopo?"

Lovemore anayang'ana pansi.

"Amayi anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Anandilera amalume a Timoteyo. Tsikuli ndimangolimva pa wailesi, nthawi zambiri litadutsa kale. Sindinakhalepo ndi woti ndimugulire kanthu."

A Maliko anatsokomola nayang'anitsitsa mwezi wa Julaye. Mayi Anastazia anadzuka, nalowa m'nyumba, natuluka ndi chikho cha thobwa. Sanatume mwana. Anakamupatsa okha m'manja.

"Chaka chamawa udzalidziwa," anatero. "Ine ndimakonda chitenje chobiriwira. Zamaluwa akuluakulu sindivala."

"Ndamva, amayi."

Kukhitchini Luwiza anamutsina Imelda pa mkono. Imelda anali akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, akunamizira utsi.

* * *

"Kalendala iyi itsala kuno," anatero a Maliko. "Ndiyo chindapusa chako."

"Itsale, bambo."

"Ndipo ulendo uno tsiku tilemba ndi nambala, alongo angandidye. Imelda, bweretsa yathu ija."

Imelda anaichotsa pakhoma nabwera nayo akumwetulira. Anagwada naipereka. A Maliko anatsegula Novembala.

"Wouma uyu." Anatembenuza tsamba. "Disembala. Tili ndi tsiku lodzala mitengo, tili ndi Khirisimasi, tili ndi..."

Chala chawo chinali pa tsiku lodzala mitengo, ndipo anayesa kuliphimba, koma Imelda anali atawona kale. Tsikulo linali lozungulizidwa kawiri, ndipo pambali pake panali dzina lolembedwa ndi dzanja la amalume ake.

"Amalume, dzina la a Greyson likutani pamenepa?"

A Maliko anakanda kumutu. Anayang'ana mlongo wawo, koma mayi Anastazia anangopinda manja.

"Tsiku lija ndinamuperekeza Greyson mpaka kwa amalume ake," anatero a Maliko. "Mtima unali ukuwira, tayi itandipweteka khosi tsiku lonse. Anandifunsa ngati khomo lili lotsegula. Ndinawauza kuti abwere tsiku lodzala mitengo."

"Achimwene, mwana wanga mwamuika pa kalendala osandiuza?"

"Ndimati ndikuuzeni mtima ukatsika."

Luwiza anawomba m'manja kamodzi. "N'chifukwa chake amayi a kwaya amakumwetulira m'mawa muja, Imelda. Nkhani yafika kale ku mpingo."

"Fufutani, amalume," anatero Imelda mofatsa. "Kapena a Timoteyo abwere tsikulo lisanafike. Lamulungu likubwerali lomwe."

"Kuti anthu adzati Maliko anapereka tsiku kwa mkulu wa mpingo kenaka n'kulowetsa ena pakhomo la kuseri? Mawu a munthu wamkulu alibe labala, mwana wanga. Khomo ili silitsegulidwa tsikulo lisanakwane."

"Koma wokwatiwa ndine."

"Ndiwe, ndipo udzafunsidwa. Koma amene wayamba kukhala pa mphasa ndiye amayamba kumvedwa. Kukana anthu a tsidya la dambo, amene timaikira limodzi maliro, atakhala kale pa mphasa yako, si kumwa thobwa."

Lovemore anaika chikho pansi mosamala.

"Bambo, tsiku limenelo lili ndi m'mawa wake. Ngati a Timoteyo atayamba kufika ndiwo?"

A Maliko anamuyang'ana pamwamba pa magalasi nthawi yaitali. Kenaka anatenga bolopeni, nalemba dzina lachiwiri pansi pa loyamba lija, ndi nambala ya tsikulo pa kapepala, napereka kapepalako kwa mnyamatayo.

"Mphasa ndi imodzi. Ndidzaiyala tambala akalira. Koma asadzagone m'mudzi muno, ayi. Wofunsira mbeta amachokera kwawo."

Lovemore anapinda kapepalako nakaika m'thumba la pamtima. Imelda anamuperekeza mpaka kumsewu, Luwiza akutsatira patali. Anayenda pang'onopang'ono, njinga ili pakati pawo. Tsidya la dambo denga la malata la kwa a Greyson linkanyezimira, pafupi moti mwana akalira kumeneko kuno amamva.

"Kuchokera ku Kapondo ndi maola angati?" anafunsa Imelda.

"Nyengo ino, atatu. Amalume bondo limawavuta, ndiye ndidzawakweza ine."

"Nanga mu Disembala?"

Onse awiri ankaudziwa mtsinje wa pakati pa Kapondo ndi Mkanda, ndi kamlatho kake ka mitengo kamene madzi ankakatenga chaka chilichonse mvula ikangolimba.

"Amalume a Timoteyo amatha kusambira?" anafunsanso Imelda.

"Ayi," anatero Lovemore. "Ngakhale ine sinditha."